Sitima Yomwa Madzi

A Ngoma, amene nyumba yawo inayandikana ndi yathu m'mbali mwa Luangwa, ankamveka fungo la sopo wofiira ndi fodya wopota, ndipo mkono wawo wamanja unali ndi zipsera zamoto mpaka m'chigongono. Anabwerera kumudzi atakalamba, atatha zaka zambiri akuthira malasha m'sitima ya panjanji. Kwathu kunalibe amene anaonapo njanji. Ife tikamva zoti sitima, tinkangodziwa bwato lalikulu.

Masana ena, akuluakulu akusoka maukonde pamthunzi, a Ngoma anafotokoza kuti sitima yawo inkaima panjira kuti imwe madzi.

"Imwe madzi?" anatero bambo anga. "A Ngoma, bwato likamwa madzi limamira. Nanga nkhafi munkapalasira pamchenga?"

Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Kuchokera tsikulo mawu a mkuluyo anatha mphamvu. Ngakhale anene kuti njovu zalowa m'munda, wina ankafunsa ngati zabwera pa sitima.

Pambuyo pake a Ngoma anandiitana ndikuchokera kotunga madzi. "Mwanawe, iwe miyendo ikadali yolimba. Ukadzafika kunjanji ukaone, udzawauze anthuwa." Ndinavomera. Koma usodzi, ukwati ndi ana zinandigwira, moti ngakhale sukulu ndinakaiyamba imvi zitatuluka.

Chaka chatha mdzukulu wanga, amene amaphika paloji yogona alendo ku Mfuwe, ananditenga ulendo wa ku Livingstone, ndipo tinakalowa pamalo osungirako sitima zakale. Zinali zitaima phee pa udzu, zakuda, zozizira, zina dzimbiri litazidya. Mtsikana wotiperekeza anandikweza mu imodzi, nandionetsa kachitseko ka ng'anjo kamene wothira malasha ankaima pafupi nako ulendo wonse.

"Nanga bokosi lalikulu kumbuyoku?" ndinafunsa.

"Ndi thanki, agogo. Popanda madzi siyenda. Inkaima panjira n'kumwa."

Ndinapempha kuti ndikhale pansi.

Ndinabwerera kumudzi ndi uthenga umene ndinatumidwa, koma onse amene anasoka maukonde tsiku lija anagona kale, a Ngoma ndiwo anatsogola. Tsopano ndimaimitsa ana asukulu akamadutsa pakhomo panga n'kuwauza kuti a Ngoma sananame. Amamvetsera mwaulemu, kenako wina amafunsa kuti a Ngomawo anali ndani.