Mkamwini wa Kumalire

Zakeyu Mbewe ndi mkamwini kwa Mlonyeni. Adabwera kudzakwatira ali mnyamata. Lero imvi zatuluka, koma pamudzipo akamutchula amati "mlendo uja". Nyumba adamanga yekha, koma ili pa dothi la eni. Munda nawo ngwa akuchikazi.

Mwana wake Rhoda anali mu Sitandade 7, wazaka khumi ndi zinayi, pamene amalume ake, a Vitus, adampereka kwa bambo wina wogula mtedza wa tsidya la Zambia. Zakeyu adamva nkhaniyi mwanayo atawoloka kale.

"Alamu, mwana uja ngwapasukulu," adatero.

"Alamu, tambala adayamba liti kuwerenga anapiye? Mbumba iyi njanga," adayankha a Vitus.

Lamulo lilipo, ndipo ine, mnzake wa Zakeyu, ndimalidziwa bwino: wosakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu sakwatiwa. Ndidamuuza Zakeyu, ndipo ndidamperekeza ku boma. Mayi woona za ana adabweradi pa njinga yamoto. Sanali munthu woipa. Tidamutengera kudimba la Zakeyu, pomwe nyumba ya mwamunayo imaonekera, malata ake ali waliwali. Mayiyo adaima pa chipilala cha malire.

"Bambo, mphamvu zanga zathera pano. Ndikawauza anzathu a uko."

A uko adati mwanayo ndi wa ku Malawi, eni ake ayambe ndiwo. A boma la kuno nawo akuti mwanayo ali m'dziko la eni. Mbuzi zimawoloka malirewo, fetereza amawoloka, ngakhale maliro timayendera limodzi. Lamulo lokha ndilo lilibe miyendo! Amene adalilemba adakhalako pa chikamwini?

Njinga yamoto itapita, a Vitus adasonkhanitsa abale.

"Mukadzatiitaniranso boma, alamu, mudzanyamule khasu lanu muzipita kwanu. Ana mudzawasiya."

Apa mpamene padamangika Zakeyu. Rhoda ali ndi mng'ono wake, Ivy, wazaka khumi ndi ziwiri. Zakeyu akalimbana ndi za wamkulu, amuthamangitsa, ndipo wamng'onoyo atsala m'manja omwewo popanda womuyang'anira.

Tsono nkhaniyo adaisiya. M'mawa uliwonse amamperekeza Ivy mpaka pa chipata cha sukulu, kenaka amatsikira kudimba. Nthawi zina Rhoda amabwera kudzatunga madzi tsidya linalo, mimba itaonekera kale. Zakeyu amakweza dzanja, mwanayo nkukwezanso lake. Samuitana.

Pobwerera amadutsa pakhomo pa a Vitus, nkuvula chipewa.

"Mwaswera bwanji, alamu?"