Tonde Amene Anatiphunzitsa Kudulira Mpesa

Mpesa wathu unabwera ndi nkhondo ya ku Mozambique. Bambo wina wothawa nkhondoyo, amene ankakhala pafupi nafe kwa Kanduku, pobwerera kwawo anasiyira bambo anga timitengo touma, nati, "Bzalani, mudzamwa vinyo wanuwanu."

Bambo anabzala mizere ingapo kuseri kwa manachesi, namanga thandala la nsungwi. Ankathirira ngati dimba la mpiru, ndipo mpesawo unayanga mochititsa kaso. Koma masamba okhaokha! Chaka chinatha, china chinatha, chipatso osaoneka. Ukangothyola tsamba limodzi, bambo ankakalipa mpaka a kuchigayo kumva.

Mayi anatopa nazo. "Inu bambo, anawa adya masamba? Mvula ikangogwa chaka chino ndizula zonsezi, ndibzalepo chimanga." Mayi anga sankabwereza mawu, ndipo bambo ankadziwa zimenezo.

Lamulungu lina mu Julaye, tonse tili ku tchalitchi, tonde wathu anaboola mpanda. Pobwera tinapeza mzere wa kumapeto uli mbee, masamba onse atadyedwa, nthambi zitatsala zitsa. Mwini wake anali chigonere pamthunzi, akubzikula ngati walipira msonkho. Aka kanali koyamba kuona bambo akugwetsa misozi. Tsiku lomwelo tonde anaphedwa. Ndinene zoona, ine nyamayo ndinaidya mosangalala.

Kutentha kutayamba, m'mawa wina bambo anatiitana mokuwa. Tinathamanga poganiza kuti aona njoka. Ayi ndithu. Pa zitsa zija panali pataphuka nthambi zanthete, ndipo pa nthambi iliyonse pankalendewera kaphava ka timaluwa tobiriwira, tating'ono ngati mapira. Mizere ina yonse, yosamalidwa bwino ija, inali masamba basi.

Mtengo umene tinkauyesa wakufa ndi umene unabereka! Kumayiko ozizira kumene mpesa unachokera, amati, umayoyola wokha masamba nthawi yozizira n'kupuma. Kwathu kotentha kuno unkangokula, kudikira woupweteka. Bambo anavula chipewa ngati alowa m'tchalitchi. Mayi anagwada, nakhudza kaphava kamodzi ndi chala.

"Chimanga ndikabzala kudambo," anatero mayi. "Koma chaka chamawa mizere yonseyi muichite zimene inachita mbuzi."

Mphesa zinapsa mvula ili mkati, zakuda bii. Tinazifinya ndi manja m'beseni, n'kuthira m'chigubu. Madzi amene tinafinya tokha anayamba kuwira popanda moto, chigubu chikulira pakona ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Ndinkakhala pansi n'kumangomvetsera, mantha ndi chimwemwe pamodzi.

Lero achimwene ndi alamu ndiwo akuyendetsa ntchitoyi. Julaye aliyense amadulira mpesa mopanda chisoni, odutsa n'kumafunsa ngati apenga. Mabotolo awo amafika pa boma ndi kumalire, kumene madalaivala a mathiraki amawalimbirana.

Koma kapu yoyamba yeniyeni sanamwe munthu. Vinyo uja atapsa, bambo anasefa ndi nsalu yoyera, nadzaza kapu, nalunjika pansi pa mtengo wa mango pamene tinasendera tonde uja. Tonse tinawatsatira. Anathira pansi pang'onopang'ono mpaka dontho lomaliza, nati, "Pepani aphunzitsi. Tinakudyani tisanamve phunziro."