Magetsi a Dzuwa Amene Anadikira Mlendo

Ndili Fomu 4, mdani wanga wamkulu anali koloboyi. Utsi wake unkandiliza maso, ndipo amayi, amene ankathyola tiyi pa esiteti, ankati parafini ndi wofunira mphasa pogona, osati wowerengera. Mayeso anali kumapeto kwa chaka, ine theka la buku la sayansi ndisanaligwire.

Ndiye tsiku lina akhansala a dera lathu anabwera kusukulu ndi uthenga. Anati abwenzi akunja apereka thandizo ku Asembule, ndipo sukulu yathu yasankhidwa kulandira magetsi a dzuwa. Tinaombera m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Madzulo ake ndinalemba m'buku langa la tsiku ndi tsiku kuti umphawi wa m'banja mwathu watsala pang'ono kutha.

Zinthuzo zinabweradi. Amisiri anakhoma mapanelo padenga la kalasi yathu, anaika mabatire m'kabati, napachika mababu. Atangochoka, ahedi anabwereka lona ku esiteti n'kufunditsa mapanelo onse bwinobwino, m'mphepete n'kutsendereza ndi njerwa.

Kwathu chinthu chatsopano sichigwiritsidwa ntchito mlendo asanachione. Mbale zabwino zimakhala m'kabati, mipando yasofa imakalamba ili m'mapulasitiki ake. Choncho palibe anadabwa. Ine ndekha ndinalimba mtima, ndinagwada pakhomo la ofesi.

“Ahedi, kodi tiyamba liti kuwerengera magetsi aja?”

“Iwe, ukufuna abwana a ku Asembule adzapeze zinthu zatuwa ndi fumbi? Adzati ife ndife osasamala. Dikira atsegulire.”

Abwanawo anali otanganidwa. Mwezi wa Epulo unadutsa ndi dzuwa lake, Meyi chimodzimodzi. Dzuwa linkawomba lona, ife tikuwerengera koloboyi. Ahedi anandisankha kuti ndidzalankhule m'malo mwa ophunzira, ndipo mawuwo ndinawaloweza kuposa sayansi.

Tsiku linapezeka mu Juni. Kunacha ndi chiperoni, nkhungu ija yomwe imakwirira minda ya tiyi mpaka munthu osaona mnzake ali patsogolo. Anyamata anakwera padenga kuchotsa lona. Mapanelo anali atsopano ngati abwera dzulo. Ahedi anayesa switchi. Zii. Anayesanso. Aphunzitsi a sayansi anawanong'oneza kuti mabatire sanalawepo dzuwa chibwerere.

Alendo anali kale m'njira. Ahedi anathamangitsa uthenga ku esiteti, ndipo thalakitala inabweretsa jenereta ya dizilo imene anaibisa kuseri kwa zimbudzi. Pofuna kuphimba phokoso lake, kwaya inauzidwa kuti isasiye kuimba.

Ndinaimirira pamaso pa abwana, yunifolomu yositasita. “Lero tatsanzikana ndi utsi,” ndinatero mokweza. “Mphamvu ya dzuwa ndi yaukhondo, ndi yachete.” Mphepo inatembenuka, utsi wa dizilo n'kulowera pawindo. Ndinatsokomola, abwana nawonso anatsokomola, kenaka anadula riboni n'kudina switchi. Mababu anayaka. Amayi a m'komiti ya sukulu analulutira. Mnzanga wokhala naye desiki anandigunda ndi chigongono.

“Amwali, dzuwa la ku Asembule likununkha ngati basi.”

Jenereta inabwezedwa tsiku lomwelo, mababu n'kuzima. Ahedi anafuna kubwezera lona poti mwina azungu opereka thandizo nawonso adzabwera kudzaona, koma mvula ya chiperoni inapangitsa denga kuterera, ndipo palibe mnyamata anavomera kukwera. Switchi nayo inatsala momwe anaisiyira abwana. Ndani akanazimitsa chimene wayatsa munthu wamkulu?

Chiperoni chitachoka, dzuwa linagwira ntchito yake popanda kupempha chilolezo. Lolemba lina tikulowa m'kalasi tinapeza mababu akuyaka masanasana, akuwalira madesiki opanda anthu. Ahedi anaimirira pakhomo, anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

“Mwaona?” anatero. “Chinthu ukachisamala chimagwira ntchito.”

Madzulo omwewo tinatsalira atsikana angapo, titagwirizana zobwerera limodzi kukomboni. Ndinatsegula buku la sayansi pomwe ndinalekezera, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti zithunzi zake zinali zamitundumitundu.