Tchuthi changa pachulu cha m'dambo

Ndikukumbukira ndili mu Sitandade 3, kalasi imene ndinaikonda kwambiri moti aphunzitsi anachita kundipempha kuti ndipatseko mpata anzanga. Amalume anga, a Chikafa, anali khukhi pa esiteti ya fodya ya Mgiriki wina kuseri kwa Mitundu. Kuno kukangoyamba kuzizira, bwanayo ankalongedza masutikesi n'kuuluka kupita kwawo ku Girisi, kumene amati nthawi imeneyo kumatentha, kukachita tchuthi pazilumba.

"Chilumba n'chiyani, amalume?"

"Mtunda wozunguliridwa ndi madzi."

"Nanga amakatani kumeneko?"

"Palibe. Amavula malaya, kudzola mafuta, n'kugona padzuwa ngati buluzi. Akatopa nacho chilumba ichi amakwera boti kupita pa china, kukagonanso."

Ndinaona kuti ntchito imeneyo ndingaithe popanda satifiketi.

Sukulu titatsekera mu Disembala, bambo anandipatsa ng'ombe zawo zokoka ngolo kuti ndizikadyetsa kudambo. Mvula inali itagwa yosaseka nayo, ndipo pakati pa dambo panali chulu chachikulu, madzi mbali zonse. Girisi uja wabwera yekha kwathu! M'mawa mwake ndinatapako mafuta ophikira a mayi m'kabotolo, ng'ombe ndinazilangiza kuti zikhale ndi ulemu, ine n'kuwoloka madzi ofika m'chiuno. Ndinavula malaya, kudzola mpaka kunyezimira ngati chitumbuwa, n'kugona chagada. Achule akuimba, kamphepo kakununkhira matope, dzuwa likusisita pamimba. Abale, Mgiriki uja sanali wopusa.

Anandidzutsa ndi mawu a Nabanda, mayi wamasiye amene munda wake unachita malire ndi dambo. Ankakuwa manja ali kumutu. Ng'ombe zinali zitalowa m'chimanga chawo chofika m'mawondo, zikumweta mosafulumira ngati zaitanidwa ku ukwati. Kutsidya kunaima bambo, manja kumbuyo.

"Bwana, tchuthi chikuyenda bwanji?" anafunsa mwaulemu woopsa. "Tikutumizireni boti?"

Ndinawoloka ndekha, mafuta akuyandama pamadzi pambuyo panga. Ndinkayembekezera mkwapulo, koma iwo anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mgiriki wakoyo akamapita, fodya amasiyira yani?"

"Kapitawo."

"Nanga kapitawo wako ndani?"

Ndinayang'ana ng'ombe. Nazonso zinandiyang'ana, masamba a chimanga ali lende kukamwa.

Masiku onse otsala a tchuthi ndinathera m'munda mwa a Nabanda, kubzala mopakiza ndi kupalira, iwo atakhala pamthunzi n'kumandilozera pamene ndasiya udzu. Akakhuta mphepo ankaitana, "A Girisi, mzere uwo wakhota!" Dzinalo linandikanirira, moti anzanga okalamba pa Nathenje amandiitanabe choncho tikakumana pa bawo.

Pano adzukulu amandionetsa pa foni zilumba zenizenizo, nyumba zoyera mbee, madzi owala, anthu ali gadaa pamchenga. N'zokongola, sindikana. Koma ine ndikaona munthu wagona padzuwa, maso anga amafunafuna amene wamusiyira ng'ombe, chifukwa palibe amapuma popanda wina womutulukira thukuta. Nditawauza zimenezi mayi a kunyumba, anangoti, "Mwazindikira liti? Kapitawo wanu ndine, ndipo chikwatirane tchuthi sindinachione." Ndiye sabata ino ali kwa mng'ono wawo ku Nkhoma, akudya zophikiridwa. Mbuzi, nkhuku ndi mapoto zili ndi ine.