Ndakatulo yomwe amayi anakwirira

Anthu amandifunsa kuti ndakatulo zanga zimachokera kuti. Ndimangoti ku Nsanama, basi, chifukwa nkhani yonseyo imanditopetsa.

Achimwene anga anali mphunzitsi. Kunabwera anthu atatu pa galimoto masanasana, anawatenga choko chili m'manja, ndipo sanabwererenso. Masiku amenewo sumafunsa. Pakhomo sitinalire, poti kulira kukanaoneka ngati tikutsutsa. Amayi anapitiriza kugulitsa matemba a kunyanja ya Chiuta pamsika, ine ndinapitiriza sukulu. Mumtima munangoti zii.

Ndinalemba ndakatulo ya tsiku limene anawatengalo m'kope lakale la masamu. Ndinaiwala chinthu chimodzi. Kwa amayi mapepala anali amitundu iwiri: a zilembo za Chiarabu, omwe ankawasomeka kudenga mwaulemu, ndi ena onse, okulungira nsomba. Zilembo za kusukulu sankazidziwa.

Loweruka lina ndinapeza kope lija litang'ambidwa. Ndinathamangira kumsika. Tsamba la ndakatulo linali litapita ndi wogula, amayi osakumbukira kuti ndani. Pamwamba pake panali dzina langa, monga ankatiphunzitsira kusukulu. Milungu itatu ndinadikira galimoto. Sindinganene kuti ndinkaopa. Ndinkangokhala pakhonde nditavaliratu nsapato. Sinabwere, mwina wogulayo anakolezera moto.

Ndinailembanso, koma m'zilembo za kumadrasa, kuti isapitenso ndi matemba. Uchitsiru wangawo. Zilembo zimenezo ndi zomwe amayi ankatha kuwerenga. Ndinawapeza pamkeka akutsata ndi chala pang'onopang'ono, milomo ikuyenda popanda mawu.

"Uyu ndi mwana wanga," anatero.

"Eya, amayi."

"Akalipeza pepalali akutenga nawenso. Ndatsala ndi iwe wekha."



Pepala la zilembo zimenezo kwathu silitayidwa kudzala. Likatha ntchito limakwiriridwa. Amayi analikulunga m'kansalu koyera, anatenga khasu n'kukumba pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Ine ndinawanyamulira ndowa ya madzi. Anafotsera, anawaza madzi padothipo, kenako anabwerera kukatembenuza matemba pathandala. Palibe analira.

Zonse zomwe ndalemba chiyambire pamenepo ndi kuyesa kukumbukira mizere ija, koma ndimangofika pa wachiwiri. Mtengo uja ulipobe, ndipo ndikapita kumudzi ndimasesa pansi pake. Achimwene alibe manda ena.