Fosholo ya Kumanda ku Chamboli

Mkulu wa mpingo wina wa ku Chamboli, wochokera Kum'mawa, saphonya maliro. Akatuluka mumgodi amangosamba, kuvala jekete lake limodzi lomwelo, n'kukwera njinga kupita kumene kwagwa zovuta. Amati, "Pamaliro mlendo ndi amene wapinda manja."

Dziko litangolandira ufulu, mwana wake Manasseh anabwera kuchokera kunja kudzachita kafukufuku wa digiri yapamwamba, wofuna kudziwa ngati yunivesite imalekanitsa ophunzira ndi anthu akwawo. Anagawa mapepala a mafunso mukomboni monse, koma sabata ziwiri zinatha osabwerera ngakhale limodzi.

Mkuluyo ataona mwana wake akusowa mtendere, mtima unamuwawa. Atamwalira Mbemba wina woyandikana nawo, mkuluyo anapita ndi Manasseh kumanda n'kumupatsa fosholo, pakuti pachimbuya, chibale chanthabwala cha mitundu iwiriyi, a Kum'mawa ndiwo amakwirira Abemba. Amayi a Chibemba anamuthira Manasseh ufa kumutu mwachimbuya, tayi ali m'khosi, iye osakwiya. Pobwerera, amuna anayamba okha kumudandaulira za ana awo ophunzira amene anasiya kulonjera.

"Atate, ndasiya cholembera kunyumba," Manasseh ananong'ona.

"Makutu wabwera nawo, mwanawe. Anthu awa sayankha pepala, amayankha munthu amene wakwirira nawo."