Manja Anga Ndiwo Anafunsiridwa

Mabuku achikondi aja ankabwera m'chikwama cha mayi wapampando wa amayi a kutchalitchi kwathu. Tinkapemphera mu holo ya lendi kufupi ndi Parnell Street ku Dublin, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia pamodzi. Mapemphero akatha, tiyi asanazizire, mayiwo ankayala mabukuwo patebulo ngati tomato. Pachikuto nthawi zonse pamakhala namwino wa chipewa choyera, kumbuyo kwake utsi wa nkhondo ya azungu yakalekale. M'katimo nkhani ndi imodzimodzi: msilikali wavulala, namwino amumanga bala, amuwerengera Salimo, mnyamatayo asiya kukwiyira Mulungu, kenako ukwati.

Kuwerenga ndinkawerenga ndithu, m'sitima popita ku Dún Laoghaire komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Koma ankandipsetsa mtima. Asilikali a m'mabukumo onse amavulala paphewa. Chipolopolo sichidziwa njira ya kumimba. Palibe amene amadziipitsira pogona. Namwino amagwira ntchito tsiku lonse koma malaya ake amakhalabe mbee, msana sumupweteka, ndipo amatsala ndi mphamvu zochitira manyazi mnyamata akamuyang'ana. Ine ndikaweruka ndimanunkha mankhwala otsukira m'chimbudzi mpaka m'tsitsi. Ndikanena zimenezi patiyi paja, amayi ankaseka, amvekere ndine wouma mtima, n'chifukwa chake ndakula chonchi wopanda wondifunsira.

Ndinkaseka nawo. Nanga ndikanatani? Kuno ku Dublin abale anga anali amayi omwewo. Koma mawuwo ankandilasa, chifukwa banja ndinkalifuna, ndipo ndinkafuna mwamuna woti andifune ineyo.

Mayi wapampando, omwe kwawo ndi ku Zambia, anali ndi alongo awo, bambo achikulire amene anapuma usilikali. Akazi awo anamwalira kale. Bambowo anabwera kudzacheza, sitiroko n'kuwagwira ali konkuno, mbali imodzi n'kuuma. Atatuluka m'chipatala anakakhala kwa mayiwo ku Skerries, ndipo amayife tinagawana masiku okazonda wodwala monga timachitira.

Tsiku langa litakwana ndinapeza mayi wapampando akuwakoka dzanja loumalo kuti awadzutse pabedi. Ndinakuwa kuti asiye, awagulula phewa. Ndinawaonetsa mogwirira munthu wotero, momutembenuzira, momukhazikira pachikuku. Mayiwo anangoti kukamwa yasa, kenako "Aleluya". Kuyambira pamenepo masiku a anzanga aja anayamba kugwera ine. Uyu mwana wadwala, uyu waitanidwa kuntchito. Loweruka lililonse, tsiku langa lopuma, ndinali m'sitima ya ku Skerries. Posakhalitsa mayi wapampando anandipempha kuti ndiziwasambitsanso, poti mlongo sangaone thupi la mlongo wake. Ndinavomera. Kuntchito ndimasambitsa amuna tsiku ndi tsiku.

Sindinkadandaula, ndipo chifukwa chake ndichinene poyera: bambowo ndinkawakonda. Pakamwa panali popotoka, mawu ankatuluka limodzilimodzi, koma nthabwala zinali zonse. Anandiuza kuti usilikali wawo wonse sanawomberepo ngakhale nkhuku, iwo anali oimba lipenga m'bandi. Ndikawakankha pachikuku kupita kudoko ankaloza azungu osambira m'madzi ozizira aja n'kufunsa kuti analakwa chiyani. Chichewa changa ankati ndi cha m'Baibulo. Ndinayamba kuvala ndolo Loweruka, ine amene ndolo ndinaziiwala kalekale. Zikanasiyidwa kuti zipse zokha, kaya zikanafika pati.

Lamlungu lina titaweruka, mayi wapampando ndi amayi ena achikulire anandiitanira kukhitchini ya holo ija. Anatseka chitseko. Anayamba ndi pemphero lalitali, ine n'kudziwiratu kuti pali nkhani.

"Ba sister," anatero mayi wapampando, "Mulungu anionetsa kuti ndimwe answer ya brother wanga. Nurse na soldier, monga chabe mumabuku muja. Simuona?"

Ndisanatsegule pakamwa, mayi wina, Mmalawi mnzanga, anathirirapo ndemanga. "Mayi wapampandowa atopa, achemwali, ali ndi ntchito yawo. A home care amangobwera ma hours ochepa. Inu zinthuzi mumazidziwa, mutha kusiya ma shift ena n'kukhala nawo. Komanso kusambitsa mwamuna woti si wanu, anthu ayamba kuyankhula. Bola mungodalitsa ukwati."

Apo ndiye magazi anga anawira. Anandipempha okha kuti ndiwasambitse, lero bafa lomwelo lasanduka mlandu wanga, ndipo chindapusa chake ndi ukwati! Anthu oyankhulawo anali ndani, ngati si iwo omwe anali m'khitchinimo?

"Eni akewo mwawafunsa?" ndinafunsa.

"Azakana chani?" anayankha mayi wapampando. "Munthu odwala."

Kwathu amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Ankayembekezera kuti ndinena zoti ndikapemphere kaye, nkhani izizirire yokha kapena andifewetse pang'onopang'ono. Ine sindinaviike. Ndinati, "Amayi, mukufuna mlamu kapena wantchito waulere? Pa zonse mwanenazi sindinamvepo kuti bambowo amandifuna, kapena kuti mwandifunsa ngati ine ndikuwafuna. Mwafunsira manja angawa. M'mabuku mwanumo namwino amakwatiwa msilikali atachira, buku n'kutha. Palibe wolemba amene anafika pa thewera." Wina anati ndili ndi mzimu wodzikuza. Ndinatuluka osamwa tiyi.

Sabata yonse ndinali wotupa ndi mkwiyo, mpaka gogo wina kuntchito anandifunsa ngati kwathu kwagwa maliro. Komabe Loweruka ndinapita ku Skerries. Bambowo sanandilakwire kanthu, ndipo ndinkafuna kuwaona.

Ndinawapeza pabalaza atawameta ndevu, atawaveka jekete la suti ndi tayi, ngati munthu wopita kukajambulitsa. Mayi wapampando anali asanataye mtima. Anandilandira ndi kumwetulira kwa mano okhaokha n'kupita kukhitchini kuti atisiye awiri. Bambowo sanandiyang'ane. Ankayang'ana dzanja lawo loumalo, lomwe linali pamwendo pomwe analiika ena.

"Mayi," anatero, "sananifunse."

Ndinati ndikudziwa, bambo.

Analimbana ndi lilime lawo, malovu akutsikira patayi paja. Ndinafuna kuwapukuta koma ndinabweza dzanja. "Nenze kufuna kukamba neka," anatero. "Nikapola. Nikaimilira."

Ankafuna kudzandifunsira okha, ataimirira ndi miyendo yawo. Chinthu chomwe ndinachidikira zaka zonsezi chinalipo, chinkamera pang'onopang'ono, ndipo amayi opemphera anachizula kuti aone ngati chili ndi mizu.

"Manje musabwelenso," anapitiriza. "Mukabwela, sinizaziba ngati mwabwelela ine olo nchito."

Chilichonse chomwe ndikanawachitira kuyambira tsikulo chikanaoneka ngati ndavomera za kukhitchini zija. Ndinaimirira n'kuwatsanzika mwaulemu, mmene amatsanzikirana anthu amene sanaonanepo thupi.

Ndili pakhomo, mayi wapampando anatulukira akupukuta m'manja.

"Ah, mwayenda kale? Ba sister, tithandizeniko chabe kumupeleka ku toilet mukalibe kuyenda."

Ndinacheuka. Bambowo anali atatsinzina. Ndinkadziwa kuti mayiwo awakokanso dzanja lija, ndinkadziwanso mmene ziwapwetekere. Koma munthu anali atandipempha chinthu chimodzi chokha ndi pakamwa pake. Ndinavala chikhoti changa n'kutuluka, ndipo mayi aja sindinawakhululukirebe pondichititsa zimenezo.